Majini a m'mizu ya matimati

Lolemba

M'mawa. Enelesi akubwera mawa! Mwana wanga woyamba, uja wa kuyunivesite ku Lusaka, amene anakaphunzira kunja n'kubwerako atavala chipewa cha makona anayi. Wapempha tchuthi kuntchito. Ndasesa pabwalo mpaka nyerere zasowa njira.

Dzuwa la Okutobala uno silikucheza. Kudimba zinthu sizili bwino. Matimati ndikuthirira m'mawa ndi madzulo, koma dzuwa likafika paliwombo onse amawerama ngati ali pamaliro. Masamba achikasu, zipatso tating'ono ngati nthudza. Ndazula mtengo umodzi. Mizu yonse mfundo zokhazokha, ngati mikanda ya m'chiuno. Ndipo si chaka choyamba.

Dera lathu la Rufunsa litangokhala boma lakelake, anthu a m'maofesi atayamba kufika, thebulo langa la pamsewu pano pa Chinyunyu ndilo linkayamba kutha. Mabasi a ku Chipata ankaima pa ine. Manje amaima kwa bana Chanda, akazi a aphunzitsi aja, amene matimati awo amanyezimira ngati awadzoza mafuta. Ndimawapatsa moni bwinobwino. Za mumtima adziwa Mulungu.

Koma zonsezi zikutha Loweruka. Enelesi anandiuza pafoni kuti: "Amama, ntchito yanga ndi ya tinyongolotsi timene timatupitsa mizu. Timatontholetsa majini ake kuti tisavutitse mbewu." Zina sindinamve, netiweki ya kuno ndi yansanje. Koma tinyongolotsi ndinamva, kutontholetsa ndinamva. Zandikwanira.

Masana. Msonkhano wa kalabu ya amayi a madimba, ine wapampando. Ndaimirira, ndakonza chitenje, ndalengeza: Loweruka nonse kudimba kwanga, mwana wanga adzatontholetsa majini a tinyongolotsi pamaso panu, aliyense abwere ndi botolo lotengera mankhwala. Nthungululu! Bana Chanda aomba m'manja ndi zala ziwiri chabe.

Zofunika:
munkoyo, thobwa lathu la kuno, mgolo wodzaza
tambala wofiira uja, nthawi yake yakwana
mabenchi a kutchalitchi, ndipemphe akulu ampingo
nyimbo yolandirira, amayi ayambe kuphunzira lero
kuitana ba Sikombe, alangizi a zaulimi, adzaone zimene ana a anzawo amachita
chitenje chatsopano (ichi a Daka asadziwe)

A Daka, amuna anga, ali pansi pa mango kukonza tcheni cha njinga. Osadzutsa n'komwe mutu: "Amake Enelesi, mwini wake mwamuuza?"

Mwana ndinabereka ndekha ndimuuzenso chiyani?

Lachiwiri

Wafika ndi minibasi ya masana. Wawonda, koma mayendedwe ake! Mutu uli m'mwamba, magalasi pamphuno, moni wake wogwada ngati sanachokepo pamudzi. Amayi a pamathebulo onse asiya makasitomala kuti amuone. Ine chifuwa patsogolo.

Ndadikira kuti kondakitala atsitse katundu wina. Mgolo kapena. Chopopera kapena. Minibasi yanyamuka. Enelesi ali ndi kachikwama kamodzi kapamsana.

Sindikudandaula. Mankhwala amphamvu sabwera mumgolo.

Ali kosamba ndasuzumiramo, kungothandiza kulongosola. Muli:
malaya
shuga ndi majani a tiyi
nsapato za atate ake, zawakwana
timapepala ta pulasitiki tambirimbiri topanda kanthu
kachitsulo kakhosi lopindika kokulungidwa m'thawulo

Botolo palibe. Mwina lili m'thumba la buluku.

Madzulo. Asanamalize n'komwe tiyi: "Amama, tiyeni kudimba." Wapita ndi nsapato za m'tauni zomwezo. Wafika, wagwada m'matope, wakumba ndi manja mozungulira mtengo, pang'onopang'ono ngati namwino wogwira khanda. Watsuka mizu m'ndowa, waikweza kudzuwa.

"Amama, izi ndiye zokongola! Kulabu kwathu, kumene timayesera zinthu, timavutika kuti tipeze zoterezi."

Zokongola. Mizu imene yandilanda tulo ndi makasitomala.

Koma ndimayang'ana manja ake. Saopa dothi. Akung'amba kamfundo ndi chikhadabo, akundionetsa kadontho koyera ngati kambewu ka mawere. Akuti ameneyo ndi mayi wa tinyongolotsi, wakhala pamenepo, wanenepa, sadzasunthanso mpaka imfa, ntchito yake kudya ndi kuikira mazira. A Daka, amene anatitsatira, akuti pamudzi pano amadziwa anthu angapo a khalidwe limenelo. Sindinawafunse maina.

Za Loweruka sindinamuuze. Munthu wangofika kumene, apume kaye.

Mabenchi ndalonjezedwa. Munkoyo ndaviika. Nyimbo yayamba kumveka kuseri kwa chigayo: Enelesi wabwera, nyongolotsi thawani.

Lachitatu

Lero ndaona zimene amayi anga anamwalira asanaone.

Dzulo madzulo Enelesi anaika dothi la kudimba pa kansalu, kansalu pa sefa yanga ya ufa, sefa m'mbale ya madzi. M'mawa uno watenga dontho limodzi la madziwo, waika pa kagalasi pansi pa kachitsulo kaja. Ndi maikulosikopu, galasi lokuza zinthu. "Tsinzinani diso limodzi, amama."

Mayo ine!

Tinyongolotsi tili m'menemo! Toyera mbee, tooneka mkati, tikuvina ngati nsomba za mlamba. M'dontho limodzi! Ndakuwa mpaka tambala wathawira kuseri kwa nkhokwe. A Daka ayang'ana, kenako apita kukasamba m'manja ndi sopo.

Wandifotokozera titakhala pamphasa tikusenda nshawa. Ndilembe ndisanaiwale.

Kanyongolotsi kali ndi kasingano pakamwa. Kamalowa mumuzu, n'kubaya, n'kulavuliramo malovu. Malovuwo amapusitsa muzu kuti utupe, usanduke khitchini yake. Madzi ndi chakudya zothera pamenepo, masamba kumwamba n'kumafota. Ndiye ine ndakhala ndikuthirira alendo.

Majini si aja amagwira anthu ayi. Akuti chamoyo chilichonse, ine, mbuzi, matimati, kanyongolotsi, chili ndi malangizo m'thupi onena kuti panga ichi, panga icho. Lamulo limodzi ndiye jini. Jini likalamula, limatuma uthenga. Iwo kulabu amapanga kauthenga kofanana ndendende ndi ka malovu aja, koma kopota pawiri ngati chingwe. Kanyongolotsi kakameza, thupi lake limayesa kuti kwalowa mdani, limayamba kudula, n'kudulira kumodzi ndi uthenga wakewake weniweni. Jini likulamula, koma palibe akumva. Malovu osapangika. Khitchini osamangika.

Ndati: ndiye kuli ngati kutuma munthu kumsika, panjira wina n'kumuiwalitsa chimene wamutuma? Waomba m'manja. "Amama, mukanakhala pulofesa!" Ndapempha a Daka kuti amve bwino mawu amenewo.

Akuti ubwino wake, kauthengako kakasankhidwa bwino kamagwira kanyongolotsi kokha. Njuchi ayi, nyongolotsi zikuluzikulu za manyowa ayi, munthu wodya ayi. Si ngati poizoni uja anagoneka amalume ake ku Katete sabata yathunthu atapopera opanda chophimba kumphuno. Mwana ameneyu! Ndinkamumenyera kusewera ndi matope.

Kenako ndafunsa mwaulemu: nanga botolo lili kuti?

"Botolo lanji?"

Akuti kulibe botolo. Akuti zonse zikadali kulabu, m'timbale ndi m'miphika ya m'nyumba yagalasi yokhoma ndi loko. Amaviika tinyongolotsi m'madzi a uthengawo, n'kutiika pa mbande, n'kudikira, n'kuona ngati mfundo zachepa. Nthawi zina zimachepa, nthawi zina ayi. Cholinga n'chakuti tsiku lina mbewu izidzipangira yokha kauthengako m'mizu, kapena papezeke njira yothira. Koma pali kuyesa, kuyesanso, ndi chilolezo cha boma.

Liti?

"Zaka, amama."

Ndameza nshawa yosatafuna.

Za Loweruka sindinamuuzebe. Lero linali tsiku losangalala.

Lachinayi

M'mawa kutangocha, odi pakhomo. Ndatsegula. Pabwalo pali anthu.

Mawu anga a Lolemba ayenda, ndipo panjira ataya nyongolotsi. Chatsala n'chakuti mwana wa a Daka wabwera kuchokera kunja ndi makina otontholetsa majini.

Amene abwera:
mayi wina amene amuna ake amalankhula kutulo, kutchula dzina la mkazi wina
bambo wa mbuzi imene imalira ngati munthu (mbuzi abwera nayo)
mtsikana amene tsindwi la nyumba yake limagogoda masana
anthu a ku Shikabeta, mtunda wonsewo panjinga, ndi mlamu wawo wonjenjemera, wobwebweta

Enelesi watuluka ndi mswachi m'kamwa. Wayang'ana anthu. Wayang'ana ine. Ine ndayang'ana mbuzi.

Sanakalipe. Wavala chitenje changa, wapereka moni kwa aliyense, wafotokoza kuti majini ake ndi ena. Kwa mayi uja: "Zimenezo mufunse amuna anu ali maso." Kwa mtsikana: malata amatero akatenthedwa ndi dzuwa. Mbuzi wangoti ndi mbuzi.

Koma kwa wodwala uja wagwada, wamugwira pamphumi, nkhope yasintha. "Ine si dokotala wa anthu, koma thupi lotentha chonchi si la kudimba. Chonde, kuchipatala ku Mpanshya, lero lomwe." Waima yekha pamsewu mpaka waimitsa minibasi, wathandiza kumukweza, njinga pamwamba. Achibale amafuna kukana, koma anawalankhula mofatsa, kuwayang'ana m'maso, mpaka anakwera. Ine ndikanangowapatsa madzi akumwa ndi pemphero.

Titatsala awiri: "Amama, mwauza anthu chiyani?"

Ndamuuza zonse. Loweruka, mabotolo, nyimbo. Wakhala pa mtondo, wavula magalasi, mapewa akugwedezeka. Ndimayesa akulira. Akuseka! Mpaka misozi. Kenako: "Chabwino. Abwere. Koma ndidzanena zoona zokhazokha."

Zoona zokhazokha. Pamaso pa bana Chanda.

Masana. Akulu ampingo atumiza mawu: mabenchi a nyumba ya Mulungu sakhalira zamajini. Ndapita ndekha kukafotokoza za uthenga wopota pawiri. Ndafika pakati ndasokoneza, ndanena kuti nafenso tonse tili ndi majini m'thupi, ngakhale abusa. Mabenchi palibe.

Nyimbo ndauza amayi asinthe. Akuti yalowa kale m'mutu.

A Daka tsiku lonse akungoimba mluzu. Mluzu wake ndi wa nyimbo yomweyo.

Uthenga wafika madzulo kuchokera ku Mpanshya: ndi malungo, amugoneka, ayamba kumupatsa mankhwala. Enelesi wapuma mpweya waukulu. Ndamuwonjezera ndiwo.

Lachisanu

Ba Sikombe afika ndi njinga yamoto, chipewa cholimba osavula, nkhope ya boma. Amva kuti pakhomo pano pabwera mbewu zosinthidwa kulabu. "Mayo, zimenezo popanda chilolezo ndi mlandu. Mundionetse." Ndawaonetsa kachikwama. Enelesi wawaonetsa dontho la madzi.

Chipewa chavulidwa. Akhala pa mpando wa a Daka. Akuti chimalizire koleji sanayang'anenso m'maikulosikopu, ofesi yatsopano ili ndi mipando koma zida zikubwerabe. Ayamba kukambirana, Chizungu chikuthamanga, manja m'mwamba, kujambula pansi ndi kamtengo. Ba Sikombe akufunsa, Enelesi akuyankha. Enelesi akufunsa za madimba a kuno, ba Sikombe akuyankha. Ine ndikungothira tiyi. Sindikumva kanthu koma ndikukoma mtima ngati ndikumvera kwaya.

Pochoka: "Mayo, mwana uyu dziko likumufuna. Mawa ndibwera. Koma mawu akuti mankhwala asamveke."

Ndiye mabotolo aja ndiwathiremo chiyani?

Nzeru yabwera ndikutsuka makapu. Ndinamva Enelesi akunena kuti tinyongolotsi timafa ndi kutentha. Kodi si ife tili ndi madzi otentha otuluka pansi, amene alendo amaimika magalimoto kudzajambula? Madzi aulere, a Mulungu, osafuna chilolezo! Tithire pa bedi limodzi lero, mawa anthu adzaone kusiyana.

Ndatuma a Daka ndi njinga ndi zigubu. Apita akung'ung'udza.

Adutsa pamsewu, akumana ndi mnzawo wa kwaya ya amuna, macheza ayamba. Tayala laphwa, apopa. Tcheni chagwa. Afika kudimba dzuwa litapendeka. Ndapisa chala m'chigubu: ofunda bwinobwino, osambitsira khanda.

Tathirabe. Enelesi watipeza tili mkati. Wafunsa, tamuuza. Waluma mlomo. "Amama, tinyongolotsito mwatisambitsa chabe. Ndipo akanakhala owira mukanaphika matimati omwe."

A Daka: "Mawa ndibwere ndi sopo ndi thawulo?"

Zina za lero:
munkoyo wasasa ndi kutenthaku, ukununkha ngati wa kumowa
tambala sakuoneka chiyambire kukuwa kwanga kwa Lachitatu
chitenje chatsopano a Daka achiona
bana Chanda pamsewu: "Mwandi, botolo langa ndatsuka kale, la malita asanu."

Enelesi wakhala pakhonde madzulo onse akuyeseza mawu. Akufuna kuti chilichonse achinene m'Chinyanja choti ngakhale wosapita kusukulu amve. Amanena, n'kupukusa mutu, n'kuyambiranso. Amandifunsa: "Apa mwamva, amama?" Ndikati ayi, sakwiya, amasaka njira ina. Munthu amene analankhulapo pamaso pa azungu m'holo akuopa amayi a pa Chinyunyu.

Ine ndikuwaopa kuposa iye.

Loweruka

Abwera. Onse. Ndi ena amene si a kalabu. Mabotolo a mafuta ophikira, a zakumwa, zigubu, wina ketulo. Akhala pansi pa zitenje zawo m'mbali mwa mabedi. Nyimbo aimba yonse, mavesi onse, nyongolotsi thawani. Enelesi wavina nawo pang'ono, mwa ulemu wake.

Kenako waima pakati: "Amayi anga, mankhwala ndilibe. Mabotolo abwerera opanda kanthu. Amama anandimva molakwika chifukwa ine ndinafotokoza mothamanga."

Mwamva? Wasenza yekha mlandu wanga.

Phokoso. Wina: "Ndiye tabwerera chiyani?" Ena adzuka, akung'untha zitenje, apita. Ketulo yapita. Ndimafuna nthaka ing'ambike, koma ndakumbukira zimene zili m'nthakamo.

Otsalawo wawauza afole. Mmodzimmodzi, diso pa maikulosikopu, ba Sikombe akugwirizira pa chitsa. Aliyense akuwa mwa mtundu wake. Wina Yesu, wina mayo, wina mawu a chilankhulo cha Chisoli amene sindinamvepo. Mayi wina wabwerera kumapeto kwa mzere kuti aonenso. Amene anachoka aja amva kukuwa ali panjira, angapo abwerera.

Wafotokoza za kasingano, khitchini, uthenga. Wanena kuti fanizo la wotumidwa kumsika ndi la amama. Mitu yonse yatembenukira kwa ine. Ndayang'ana kumwamba modzichepetsa.

Funso: "Nanga zidzafika liti kuno?"

"Sindidziwa. Mwina ana anu ndiwo adzabzale. Mwinanso njira imene ndikuyesa ine idzakanika, adzapambana wina. Koma tikugwira ntchito tsiku lililonse, ndipo ndikamagwira ndimaona dimba lino."



Ine pamenepo ndikanalonjeza Khirisimasi. Iye ayi. Sindidziwa anatengera ndani.

Ndiye poti mankhwala kulibe, akuti tiphunzire zimene tingachite lero. Apa ndi pamene zandiwawa. Pafunika chitsanzo cha dimba lodwala. Dimba lake liti? Wazula mtengo woyamba, wachiwiri, bedi lonse. Mizu ikuyenda m'manja mwa anthu. "Onani apa. Matimati pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka, nazale pomwepo, zotsalira kukwiriramo." Sanatchule dzina. Panalibe chifukwa. Dimba aliyense akulidziwa mwini wake.

Malamulo ake:
mizu yodwala kuzula ndi kutentha, osataya m'manyowa
matimati, therere, mabiringanya, apume pamalo ano nyengo zingapo
m'malo mwake chimanga, nshawa, ndi maluwa achikasu onunkha aja timawazula ngati udzu
nazale pa dothi latsopano, lotenthedwa bwino ndi moto kapena lophimbidwa ndi pulasitiki padzuwa
khasu lochokera m'dimba la mnzako, tsuka

Bana Chanda nthawi yonseyi ali kumbuyo, chigubu chili pamiyendo. Anthu akubalalika, abwera pafupi ndi Enelesi, amasula mfundo ya chitenje. Muzu! Wa m'dimba lawo, lakumunsi kuja sapitako alendo. Mikanda yokhayokha ngati yanga.

"Mwana wanga, awa nawonso ndi omwewo?"

Omwewo.

Ndinayesa ndidzasangalala. Koma nkhope yawo ndi imene ndimaiona m'madzi a m'ndowa m'mawa uliwonse. Ndawathirira munkoyo wosasa uja. Amwa, atsinzina, ati ndi wabwino. Tonse tikudziwa.

Madzulo tazula zonse, ine, a Daka, Enelesi, bana Chanda nawonso ndi khasu lawo lotsuka. Mulu waukulu. Moto ndayatsa ndekha.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Ulaliki wa lero: lilime ndi kachiwalo kakang'ono. Sindikuganiza kuti zinangochitika.

Potuluka amayi azungulira Enelesi, ine kundidutsa ngati chitsa. Wina wamubweretsera muzu wa therere m'kachikwama ka Baibulo. Mtsikana wa giredi naini akufunsa kuti munthu aphunzire chiyani kuti azigwira ntchito yotere. Enelesi wakhala naye pa khonde la tchalitchi mpaka ine miyendo kuwawa.

Masana wapitanso kudimba ndi timapepala ta pulasitiki tija. Dothi pang'ono apa, pang'ono apo, ndi mizu imene anabisa dzulo kuti isapse. Akuti tinyongolotsi ta kuno n'tamphamvu, akufuna ayesere uthenga wake pa timeneti. Akakatisunga kulabu, azikatidyetsa, tiziberekana.

Ndiye tinyongolotsi tanga tikupita ku Lusaka. Kuyunivesite. Tikagona m'nyumba yagalasi, chakudya chobwera pa nthawi yake.

Watenga cholembera, walemba pa pepala lililonse: Chinyunyu, ndi dzina langa. Lonse, ndi la kwa atate anga lomwe. Akuti lamulo la kulabu, dothi lililonse lidziwike mwini wake, ndipo dzinalo lidzakhala pa mphika uliwonse mpaka ntchito idzathe.

Ine ndinalekeza giredi seveni. Dzina langa likulowa yunivesite pa thumba la nyongolotsi.

Ndamuuza alembe zooneka bwino.

Pamsewu minibasi yachedwa. Wandigwira dzanja nthawi yonseyo ngati ali wamng'ono. "Amama, pepani za dimba." Ndati usapepese, pita ukagwire ntchito, usamadumphe chakudya. Wakwera, wakhala pawindo, thumba lili pamiyendo, walikumbatira ndi manja awiri kuti lisatenthedwe ndi injini. Ine anandikweza bwanji m'basi chaka chatha? Pampando wa pa tayala.

Minibasi yapita. Ndaima mpaka yakhota.

Zimene ndatsala nazo:
dimba la phulusa
mbewu za maluwa onunkha zimene Enelesi wanditolera m'kapepala
thebulo la pamsewu lopanda choikapo
mgolo wa munkoyo, theka
udindo wa wapampando, mpaka msonkhano wotsatira

A Daka akuti chimanga chachiwisi chimayenda bwino pamsewu, ndipo adzandipangira mbaula yowotchera. Akutinso maluwa ndikawabzala m'mizere anthu adzayesa ndapenga, ndiye ndiyambe kuzolowera.

Mawa m'mawa ndikukabzala maluwa.